Khanda la M'bango

Moni kwa inu owerenga, kulikonse kumene nkhaniyi yakupezani. Ndikuthokoza Mulungu amene watisunga ndi moyo kufikira lero, ndi inunso chifukwa chopatula nthawi yanu. Nkhani yake ndi ya banja lina la ku Ngauma, ndipo inayamba Lolemba m'mawa, nyengo yopachika fodya.

"Funso langa ndi limodzi lokha, amake Wongani," anatero bambo Manueli ataima pakhomo la chigafa. "Mwana wanga woyamba anafa ndi chiyani?"

Mayi Modesta sanadzutse mutu. Anapitiriza kusanja masamba a fodya pamphasa.

"Papita zaka zoposa makumi atatu, abambo ake Wongani. Mwalota chiyani?"

"Munandiuza kuti anatentha thupi."

"Ndi zimene tinakuuzani."

"Sindikufunsa zimene munandiuza. Dzulo titaweruka ku tchalitchi ndinapatukira ku baraka ya Haruna, kagolosale kaja kumene anthu amachajitsa matelefoni. Ndinapeza anyamata ataunjikana, mitu pamodzi. Kenaka ndinamva mawu anu, mukuimba kanyimbo kanu kogonekera mwana kaja. Ndinacheuka, ndimati mwabwera kudzagula sopo. Osadziwa kuti mawuwo akuchokera m'telefoni."

"M'telefoni?"

"Akuti ndi jogu, masewera awo a m'telefoni aja. Wapanga ndi mwana wanu Wongani ku Cuamba. Muli mayi wobisala m'bango nthawi ya nkhondo, khanda lili m'manja, anthu a mfuti akudutsa pafupi. Khanda likayamba kulira pamatuluka mabatani awiri. Ukadina lakumanja umalisiya lilire, onse obisalawo n'kuphedwa. Ukadina lakumanzere mayi amalitseka pakamwa, khanda n'kufa, iwe n'kupitirira ndi masewera. Anyamata aja atandiona anasiya kuseka, telefoni n'kuibisa m'thumba. Ndiuzeni, anabisiranji?"

Tsamba limene mayi Modesta anagwira linang'ambika pakati.

"Za makanda otero amuna safunsa," anatero chapansipansi.

"Mwambo umenewo ndinausunga! Ndinapita ku Malawi kukafuna malo oti tithawireko. Pobwerera ndinanyamula kabulangete ka mwana, n'kupeza inu, malemu amayi anga ndi azimayi ena mwamutaya kale. Munati khanda la milungu iwiri, lopanda dzina, limaikidwa ndi azimayi okha. Sindinafunse manda, sindinafunse kanthu. Lero ana osamera ndevu akudziwa zimene ine bambo wake sindidziwa. Munamutseka pakamwa?"

Nkhuku inalowa m'chigafa n'kutulukanso.

"Inde," anatero mayi Modesta.

Bambo Manueli anagwira mzati wa chigafa.

"Zaka zonsezi mumagwada pambali panga, tikupemphera pamodzi, muli ndi zimenezi m'mimba? Ine pano ndine mkamwini. Mudzi ndi wanu, munda ndi wanu. Ndikatsiriza kupachika fodyayu ndibwerera kwathu ku Mitande."

Fodya wotsala anali wa milungu itatu. Kuyambira tsiku limenelo bambo Manueli ankagona m'kanyumba kosungira makasu, ndipo chakudya chimene akazi awo ankawaikira pakhonde chinkabwerera chovundikira.

Mudzi nawo sunachedwe kuweruza. Kwa zaka zambiri mayi Modesta ndiwo ankasambitsa makanda ongobadwa. Mayi akangotuluka ku chipatala, uthenga unkayamba wafika kwa iwo. Mlungu umenewo Luciya, mwana wa mnzawo wa m'kwaya, anabereka mwana wamkazi. Mayi Modesta anatenga sopo ndi nsalu ya kapulana yatsopano n'kupita osadikira kuitanidwa, monga mwa masiku onse.

Amake Luciya anawachingamira kunja kwa mpanda.

"Mwana tamusambitsa kale, amayi."

"Ndiye ndingomuona nkhope, ndithokoze Mulungu."

"Wagona."

Mkati khanda linali kulira. Mayi Modesta anasiya sopo ndi kapulana pamwala n'kubwerera. Podutsa pa baraka wina anafuula ali kuseri kwa chitseko, "Lakumanzere, agogo!" Anzake anaphulika kuseka. Lamulungu m'tchalitchi, azimayi a pabenchi lawo anasamutsira ana mbali inayo, mwakachetechete, uku akuimba nawo nyimbo ya chikhululukiro.

Loweruka la mlungu wachitatu Wongani anafika ndi mkazi wake Nilza. Anakwera shapa, minibasi yonyamula anthu, kuchokera ku Cuamba mpaka ku Mandimba, kuchokera apo njinga yamoto. Wongani anali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, wokonza matelefoni pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo jogu imeneyi anaipanga yekha kwa chaka chathunthu. Anapeza katundu wa bambo ake atamangidwa kale pakhonde: chikwama chimodzi, nkhwangwa ndi wailesi.

Anakhala onse anayi pamthunzi wa chigafa. Atalonjerana, mayi Modesta anayang'ana mpongozi wawo.

"Nilza, mwana wanga, nkhani ija ndinauza anthu angati?"

Nilza anagwada, maso ali pansi.

"Ine ndekha, amayi."

"Ndinakuuza liti?"

"Nditataya mwana wanga, chaka chatha."

"Unali utakana kudya masiku anayi. Unkati Mulungu wakutaya, unkati palibe mkazi amene anamvapo zimene ukumvazo. Ndinatseka chitseko, ndinakutsegulira chilonda changa kuti uone kuti munthu amadzukanso. Unadya phala tsiku lomwelo. Ndiye unachitenga chilondacho n'kupita nacho kuti?"

"Ndinauza amuna anga okha, amayi. Ndinkalira, iwo n'kundifunsa chimene ndikulirira. Sindinadziwe kuti adzachiika m'telefoni."

"Mama, musamukalipire Nilza," analowerera Wongani. "Mlandu ndi wanga, ngati ulipo mlandu. Koma tamverani kaye. Ana a masiku ano sadziwa zimene inu munaona. Ukawauza za nkhondo amayasamula. Buku sawerenga, wailesi samvera. Koma jogu amasewera. Ndipo jogu si nthano yongomvera, mama. Munthu amalowamo yekha, chala chake ndicho chimasankha. Ndalandira mauthenga ochokera ku Nampula, ku Lichinga, anthu akunena kuti analira. Mphunzitsi wina anaonetsa kalasi yonse. Ndinafuna kuti dziko likulemekezeni."

"Landilemekezadi. Pita kwa amake Luciya ukaone ulemu wake."

"Dzina ndinasintha! Mudzi ndinasintha!"

"Nanga mawu?"

Mayi Modesta anamuyang'anitsitsa n'kupitiriza.

"Pa Khirisimasi unandiuza kuti, 'Mama, imbani kanyimbo kaja ndijambule, ndizikakumverani ku Cuamba ndikakusowani.' Ndinaimba kawiri, chifukwa koyamba tambala analira. Ndinasangalala kuti mwana wanga amandisowa. Kodi m'mudzi muno muli khomo limene sindinaimbepo kanyimbo kameneko? Anyamata akusekawo ndinawasambitsa ndine, ndikuwaimbira komweko. Unasintha dzina kuti ubisire ndani, anthu a ku Nampula?"

"Ndinayesa mawu a anthu ena, mama. Sankagwira mtima."

"Ayi, wayankha bwino. Sankagwira mtima."

Tsopano bambo Manueli anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno chinthu chakocho."

"Papa, mwina si bwino kuti..."

"Mudzi wonse wamuona mwana wanga. Ndimuone nanenso."

Wongani anayatsa jogu n'kuwaonetsa pogwira. Zala za bambo Manueli zinali zakuda ndi utomoni wa fodya, ndipo zinkasiya madontho pagalasi. Munaoneka bango lobiriwira, madzi ofika m'chiuno, timitu ta anthu obisala. Kanyimbo kaja kanayamba. Nilza anadziphimba kumaso ndi kapulana. Kenaka kunamveka nsapato zolemera, khanda n'kuyamba kulira, mabatani awiri aja n'kutulukira.

Bambo Manueli anadina lakumanja. Mfuti zinalira, galasi linafiira, panatuluka mawu oti ayambirenso. Anayambiranso. Anadina lakumanja kachiwiri. Kachitatu sanadine kalikonse, anangodikira, koma nthawi itatha mfuti zinalirabe. Kachinayi anayesa kukokera mayi uja kumbali ndi chala, kuti athawe. Mayi sanasunthe.

"Njira yachitatu ili pati?"

"Palibe, papa."

"Usandinamize, wapanga ndiwe. Ili pati?"

"Palibe. Ndi chimene ndinkafuna kuti aliyense aone. Mama anasankha chinthu chimene munthu aliyense akanasankha. Sindinawonjezere kanthu, papa, zonsezo ndi zoona."

Bambo Manueli anaika telefoni pansi.

"Njira inalipo. Akanamupatsa bere."

"Mkaka unali utauma," anatero mayi Modesta. "Tinali titakhala masiku awiri osadya."

"Ndiye mukanawapatsa amayi anga! Anali pomwepo. Analera ana asanu ndi atatu, ankadziwa kutonthoza mwana. Inu munali kamtsikana, koma simunafunse munthu, munangosankha nokha. Mwana wanu yemwe wanena, munasankha. Amayi anga munawachititsanso kundinamiza mpaka kulowa m'manda, mayi woyera mtima ngati uja, amene ankakukondani kuposa ana awo."

Mayi Modesta anayang'ana amuna awo, kenaka mwana wawo. Kwa milungu itatu anapirira kusekedwa, kukanidwa pa mpanda, mbale zobwerera zovundikira. Koma mawu aja akuti "zonsezo ndi zoona", otuluka m'kamwa mwa mwana amene anamubereka, anawalowa pena.

"Wongani, wati sunawonjezere. N'zoona. Koma unachotsa, chifukwa sunandifunse. Unamva theka kwa mkazi wako, ndipo iye ndinamuuza theka. Mayi wako wa m'telefoniyo ali yekha. Wamupatsa mabatani awiri, wamupatsa nthawi yoganiza, akalakwa wamupatsa mwayi woyambiranso. Bambo ako ayambiranso kanayi ndikuona. Ine ndinalibe zimenezo."

Anapuma, n'kutembenukira kwa amuna awo.

"Tinalipo anthu khumi ndi anayi m'bango muja. Dzuwa linali paliwombo. Mwana atayamba kulira ndinaika dzanja pakamwa pake, mopepuka, ndikusiya mpata pamphuno. Kulira kunachepa koma kunkamvekabe. Amayi anu anali kumbuyo kwanga. Anaika dzanja lawo pamwamba pa langa n'kukanikiza. Ndinayesa kusolola. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, iwo anali mayi wolima, mumalidziwa dzanja lawo. Dzanja linalo ananditseka nalo ine pakamwa. Tinakhala choncho mpaka nsapato zija zitapita kutali."

Mphepo inagwedeza fodya wopachikidwa.

"Atandisiya anandiuza kuti, 'Manueli asadzamve.' Azimayi anzathu anagwirizana kuti tidzanena za kutentha thupi. Onse anapita, ndatsala ndine. Amayi anu akudwala matenda awo omaliza, ndikuwatembenuza pamphasa, anandigwira mkono n'kubwerezanso mawu omwewo. Ndinalonjeza. Lero ndaswa lonjezo, Mulungu andikhululukire."

"Mukunama," anatero bambo Manueli, koma mawu awo analibe mphamvu.

"Munkafunsa chifukwa chake amayi anu sananyamulepo Wongani ali khanda. Ankati manja akuwawa nyamakazi. Koma nkhuni ankatema."

Bambo Manueli anayang'ana manja awo omwe, ngati ndi a munthu wina.

"Sindinawade," anapitiriza mayi Modesta. "Musaganize choncho. Anapulumutsa anthu khumi ndi anayi, ine ndemwe mkati. Popanda dzanja limenelo sakadabadwa uyu wopanga masewerayu. Tinasenza awiri katundu ameneyu, iwo ndi ine, ndipo tinkamutula kwa Ambuye tokha. Sizinali za pa baraka."

Wongani anali kulira ngati mwana. Anakwawa n'kugwira mapazi a mayi ake.

"Mama, ndikonza. Ndikangofika ku Cuamba ndiikamo dzanja lachiwiri, anthu adziwe kuti si inu."

Mayi Modesta anachotsa mapazi awo.

"Wandivula ine pagulu, tsopano ukufuna ukafukulenso agogo ako? Anyamata aja azikuwa dzina lawo? Azakhali ako ku Mitande akamve pa telefoni zimene bambo ako amva lero? Usayerekeze."

"Ndiye ndiichotse yonse."

"Ingachoke?"

Wongani anaweramitsa mutu.

"Kumene ndinaiika ndingaichotse. Koma anthu amatumizirana okha, telefoni ndi telefoni. Imene ili kwa anthu ili kwa anthu basi."

"Ndiye isiye mmene ilili. Apitirize kunena ine. Ndipo zimene mwamva panozi zithere m'chigafa muno. Nilza, wandimva? Ulendo uno ngakhale ulire, lira wekha."

"Ndamva, amayi."

"Mawa mubwerere ku Cuamba. Ndimakupemphererabe, Wongani, sindidzasiya. Koma mawu anga usadzawajambulenso, ngakhale pa maliro anga akadzakuuza kuti pali kanyimbo kanatsala."

M'mawa mwake bambo Manueli anatulutsa njinga yawo yakapalasa n'kuyamba kumangirira nkhwangwa. Mayi Modesta anatuluka atavala kale za ku tchalitchi.

"Mukupitabe?"

"Ndikupita."

"Ndimayesa mwamva zonse."

"Ndamva. Ndakutchulani wakupha milungu itatu, amake Wongani. Ndakana chakudya chanu. Anthu akukusekani pa baraka ine ndili chete, mumtima ndikuti ziwachitikire. Ndipo inu munasambitsa amayi anga, munawadyetsa ndi dzanja lomwelo limene analikanikiza."

"Khalani. Ndinakukhululukirani musanapemphe."

"Ndikudziwa. Chikundithamangitsa ndi chimenecho. Ndikanakupezani olakwa, mwina chaka chamawa ndikanabwera kudzakukhululukirani, ndikudziona munthu wabwino. Tsopano ndikakuyang'anani ndikuona amayi anga kumbuyo kwanu. Ndikatseka maso kuti ndipemphere ndikuona zomwezo. Sindingathe kukhala pakhonde ili."

"Mukapita lero, anthu adzati Manueli watsimikiza, mkazi uja anaphadi mwana."

Bambo Manueli anasiya kumanga chingwe.

"Ndiye ndikaime m'tchalitchi ndinene zoona."

"Mukatchule amayi anu pamaso pa mpingo?"

Bambo Manueli anagwiranso chingwecho. Belu loyamba la tchalitchi linalira. Mayi Modesta anadikira, ndipo anaona pankhope pawo kuti sangathe. Sanawadzudzule. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mtedza wokazinga womanga m'kansalu, n'kuuika m'thumba la jekete lawo. Kenaka anasenza chikwama chija pamutu.

Anawaperekeza monga timaperekezera mlendo wolemekezeka, iwo patsogolo ndi chikwama, bambo Manueli pambuyo akukankha njinga. Anadutsa pakati pa mudzi nthawi imene anthu ankatuluka kupita kokapemphera, ndipo onse anapatuka n'kumayang'ana. Atafika pa mphambano ya msewu wa ku Mandimba, mayi Modesta anatula chikwama, anathandiza kuchimangirira, n'kugwada pang'ono.

"Muyende bwino, abambo ake Wongani. Mukapereke moni kwa alamu anga."

"Tsalani bwino," anatero bambo Manueli. Anakwera njinga n'kunyamuka.

Mayi Modesta anabwerera okha. Anafika ku tchalitchi nyimbo yoyamba itatha, n'kukhala pabenchi lakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, pamene pamakhala alendo.

Owerenga anzanga, Malembo amatikumbutsa za ana amene anayenda chafutambuyo, nsalu ili pamapewa, kukafunditsa kholo lawo osaliyang'ana. Ana athu ali ndi luso limene ife tinalibe, ndipo tithokoze Mulungu chifukwa cha luso limenelo. Koma nkhani ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo amadzuka m'mawa, amapita ku chitsime, amakumana ndi anthu. Mufunseni kaye.

Ambuye amene amaona zobisika akusungeni inu ndi a pa khomo lanu. Akupatseni munthu woti mumuuze zowawa zanu n'kuzisunga, ndipo inunso akusandutseni munthu wotero kwa ena. Atonthoze amayi onse amene akusenza katundu wosatchulika, ndipo mtendere wake ukhale nanu masiku onse. Amen.